Holide ya padel kunja: Spain, Portugal, Dubai kapena pa Joni pompa?

Khoti la padel, masewero onga tenisi amene amasewera anthu anayi, ndi limodzimodzi kulikonse. Mamita 20 mulitali, 10 mulifupi, magalasi kumbuyo, waya m'mbali, kapeti wothiridwa mchenga pansi, basi. La ku Marbella ku Spain ndi la ku Fourways ku Joni mukaliyeza ndi tepi muona kuti kusiyana kulibe. Nde munthu akamati ndikufuna ndikwere ndege ndikasewere padel kunja, ine ndimafunsa kuti ndalama zonsezo mukukagula chani kwenikweni? Mmene ndimaonera ine mukukagula zinthu ziwiri, nyengo ndi anthu amene mukasewere nawo. Za swimming pool yoyang'ana kunyanja ndi zithunzi za pa Instagram zija nzongokometsera, ndipo ndi zomwezo zimene zimasocheretsa anthu mpaka kukafika ku Spain mu Ogasiti n'kumasewera gemu imodzi patsiku 10 koloko usiku chifukwa masana onse kunja sikukuyendeka.

Nyengo pa padel si nkhani yongoti ndivale jekete kapena ayi, imasintha gemu yeniyeniyo. Mpira uja uli ndi mpweya mkati, kukatentha umadumpha kwambiri, kukazizira umalemera, mumenya smash ndi mphamvu zanu zonse koma mpira osabwerera mbali yanu, mdani angoutola pagalasi mosavutika. Malo okwera ngati Johannesburg, amene ali pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka ndipo mpira umathamanga moti olo munthu wa mkono wofooka amatha kuutulutsa kunja kwa khoti. Mukatsikira kugombe, kaya Durban kaya Málaga, mpira womwewo umasanduka waulesi. Nchifukwa chake makampani amapanga mitundu iwiri, mwachitsanzo Head ali ndi Pro komanso Pro S, wachiwiriyo ndi wothamangirapo, amaukonda kugombe ndi nthawi yozizira. Kenako pali chinyontho. Dzuwa likalowa kumalo a kunyanja galasi limayamba kuchita thukuta, mpira ukagunda pamenepo m'malo modumpha umangotsetsereka n'kugwera pansi, nde theka la padel lathera pompo chifukwa padel yopanda galasi ndi tenisi ya ana. Ndipo mphepo ndi mdani wa lob, mukaukweza mpira uja mphepo imautenga kukaugwetsa kwina. Zinthu zinayi zimenezi, kutentha, kukwera kwa malo, chinyontho ndi mphepo, ndi zimene muziyang'ana musanagule tikiti.

Koma tisanafike kumeneko tikambe kaye za pasipoti, poti malangizo ambiri a maulendo otere amalembera anthu a pasipoti ya Britain kapena Sweden amene amangodzuka Lachisanu n'kukwera Ryanair. Ife a pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe, Spain ndi Portugal zimafuna viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya. Kuyambira mu Juni 2024 ndi 90 euro munthu wamkulu, kuphatikiza ya ofesi yolandira mafomu, pamwamba pake inshulansi ya paulendo yofika 30,000 euro, sitetimenti ya kubanki, kalata ya kuntchito, umboni wa kogona ndi wa ndege. Amati yankho limatuluka m'masiku 15 koma lamulo limawalola kufika 45, ndipo mutha kupempha kutatsala miyezi 6 kuti munyamuke. Amene muli ku UK pa viza ya ntchito ya care kapena ya sukulu musadzinamize, viza ya UK siikulowetsani ku Spain, mupitabe ku BLS, ofesi yolandira mafomu a viza ya Spain, kukadinditsa zala, ndipo madeti a apointimenti amasowa heve chilimwe chawo chikamayandikira. Nde ngati mukufuna Meyi, yambani kusaka deti mu Januwale kapena Febuluwale. Amene muli kumudzi ntchito ndi yokulirapo, Spain ndi Portugal alibe ofesi ya kazembe ku Lilongwe kotero mufunse msanga kuti mafomu anu apite kuti, ndege yolunjika ku Ulaya kulibe, mudutsira Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, nde muonjezerepo nkhani ya forex imene tonse tikuidziwa chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023. Sindikukugwetsani ulesi, ndikungoti ulendo wa Spain kwa munthu wa ku Leicester ndi kwa munthu wa ku Area 47 si ulendo umodzi.

Tsono Spain. Apa ndichedwapo chifukwa ndi kumene kuli nkhani yambiri.

Padel inayambira ku Acapulco, Mexico, mu 1969 kunyumba kwa Enrique Corcuera, koma inakulira ku Spain. Mnzake Alfonso de Hohenlohe ataiona anakamanga makhoti ku Marbella Club mu 1974, ndipo lero dziko lija lili ndi makhoti opitirira 10,000. Kumeneko si masewero a mabwana okhaokha, makhoti ali m'mafulati momwe anthu amakhala, ali m'mabwalo a khonsolo amene amawatcha polideportivo, ali m'mawerehausi kumbuyo kwa tauni, ndipo mtengo wake mukagawana anthu anayi ndi wotsika kwambiri kuyerekeza ndi London kapena Dubai. Koma chachikulu ndi anthu. Mukalowa gemu ya open (imene aliyense angalowemo) pa Playtomic, apu yobukira makhoti ndi magemu, mutha kupezana ndi amayi awiri a imvi, wina bondo lomanga, inu n'kumati apa ndiye tiwamaliza msanga tikamwe zoziziritsa. Akuikani lob, mubwerera kumbuyo, akuikaninso ina, mukatopa n'kumenya mwaukali mpira ugunda galasi n'kubwerera pamene mayi uja waima kale akukudikirirani, sanathamange olo pang'ono. Seti itha 6-2 iwo thukuta mulibe, akuuzani "bien jugado" mwaulemu, n'kukhala pansi kuitanitsa khofi. Gemu imodzi yotereyo imaphunzitsa kuposa maola angapo a khochi, ndipo ndi chinthu chimene simungachipeze ku Joni kapena ku Manchester komwe pafupifupi aliyense wayamba dzana lomweli. Chenjezo lake ndi lakuti levo ya Playtomic imayambira 0 mpaka 7 koma 3 wa ku Spain si 3 wa kwanu, tsitsani kaye pang'ono masiku oyamba musakaononge gemu ya eni ake.

Miyezi yake ine ndimati kumapeto kwa Epulo mpaka pakati pa Juni, kenako pakati pa Sepitembala mpaka chapakati pa Okutobala. Nthawi imeneyo ku Málaga masana kumakhala cha m'ma madigiri 24 mpaka 28, mutha kusewera mmawa, kupuma masana, madzulo kubwereranso, ndipo mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 9:30 usiku. Julayi ndi Ogasiti ayi. Mkati mwa Andalucía, ku Sevilla ndi Córdoba, kumapitirira 40, Nsanje ya mu Okutobala yeniyeni, kugombe kumakhalako bwino pang'ono koma ku Málaga kuli kamphepo kotentha kochokera kumtunda kotchedwa terral, kakabwera olo usiku simupuma. Ogasiti ndi mwezi umene dziko lonse lili pa holide, mahotela akugombe mitengo ili mmwamba, makhochi ena atseka apita kwawo, Madrid imatsala mbee. Sabata ya Pasaka, Semana Santa, nayo muisamale, ku Málaga ndi Sevilla misewu imatsekedwa ndi maulendo a tchalitchi ndipo zipinda zimadula, ndi zokongola kuonera koma ngati mwabwerera padel mwaphonya sabata. Kumapeto kwa Okutobala ndi Novembala kumatha kugwa chimvula choopsa mbali ya Mediterranean, mukukumbuka madzi osefukira a ku Valencia mu Okutobala 2024 amene anapha anthu opitirira 200. Nthawi yozizira, Disembala mpaka Febuluwale, kugombe la kummwera sikuzizira kwambiri ndipo zinthu zimatchipa, koma ndi nthawi ya galasi lonyowa lija, nde musabuke kalabu imene ilibe makhoti ofolera.

Nanga mu Spain momwemo mupite pati? Aliyense amatchula Marbella chifukwa cha dzina, ndipo zoona malo ngati Puente Romano ndi okongola, koma mukulipira dzinalo. Ine ndingakuuzeni Fuengirola, Benalmádena kapena Torremolinos. Chifukwa chake nchophweka, sitima ya Cercanías C1 imachoka pa eyapoti ya Málaga penipeni n'kudutsa m'matauni amenewa mpaka Fuengirola, pomwe Marbella sitima siifika, mufuna basi, taxi kapena galimoto ya hayala. Kubwereka galimoto ndi laisensi ya kwathu komanso khadi la kubanki limene lingakane nthawi ina iliyonse ndi mutu wina umene simukuufuna pa holide. Kumatauni a sitimawa mumagona m'kafulati kotchipa, mumagula zakudya ku Mercadona n'kumaphika nokha, makalabu ali pafupi ndipo osewera ake ndi eni dera osakanikirana ndi alendo.

La Manga Club ku Murcia ndi mtundu wina, resort yotsekeka, zonse zili mkati, gofu, tenisi, padel, ndi yabwino ngati mwatenga ana ndi akunyumba amene sasewera, koma mukasewera ndi alendo anzanu a ku England osati amayi a imvi aja. Mallorca kuli Rafa Nadal Academy ku Manacor imene ili ndi makhoti a padel, chilumbacho nchokongola mu Meyi ndi Sepitembala koma nthawi yozizira mahotela ambiri akugombe amatseka. Madrid ndi Barcelona ndi za munthu amene cholinga chake nkuphunzira basi, makalabu akuluakulu a mkati mwa nyumba, makhochi ambiri, mvula ndi mphepo sizikukhudzani, kungoti Madrid kulibe nyanja ndipo ili pamtunda wa mamita 650 kotero mpira umathamangirapo. Kwa amene mukufuna kuthawa mdima wa UK mu Januwale, yankho ndi zilumba za Canary, Tenerife, Gran Canaria, Lanzarote, komwe nthawi yozizira masana kumakhala cha m'ma 20. Ndege kuchokera ku England ndi maola anayi ndi kanthu pomwe Málaga siikwana atatu kuchokera London. Vuto la Canary ndi mphepo, makamaka Lanzarote ndi Fuerteventura (ku Lanzarote ndi kumene kuli Club La Santa, malo otchuka a masewero), ndiponso nthawi zina kumabwera fumbi lochokera ku Sahara limene amati calima, a chifuwa cha mphumu mudziwiretu.

China choti muzolowere, anthu a ku Spain amadya mochedwa, chakudya chamadzulo 9 kapena 10 koloko, ndipo magemu abwino ali kuyambira 7 madzulo anthu akaweruka. Mukafuna gemu ya open 11 koloko mmawa pakati pa sabata mupeza alendo ndi opuma ntchito okha.

Portugal ndimaiona ngati njira ya munthu amene akufuna holide choyamba, padel kachiwiri. Algarve mumatsikira pa Faro, malo ake ndi Vilamoura, Vale do Lobo, Quinta do Lago, aukhondo, achete, Chingelezi chimamveka paliponse kuposa ku Spain, ndipo chilimwe chake nchopepukirako chifukwa cha nyanja ya Atlantic ngakhale Ogasiti kumadzadzabe. Koma maresort ake ndi a anthu a gofu, mtengo wake umaboola m'thumba, ndipo popanda galimoto muvutika. Mukafuna kusewera ndi Apwitikizi enieni pitani Lisbon kapena Cascais, kungoti madzulo a chilimwe kumaomba mphepo ya kumpoto yamphamvu ndithu. Abale a ku Tete ndi Angónia apa muli ndi mwayi umene ena tilibe, chilankhulo mukuchidziwa kale, mutha kucheza ndi khochi bwinobwino, komanso Portugal ili ndi maofesi a viza ku Maputo ndi ku Beira. Viza yake ndi Schengen yomwe ija, ndipo lamulo ndi loti mupemphe ku dziko limene mukakhalitseko, osati kupempha ya Portugal chonsecho masiku onse mukakhala ku Málaga.

Tsono South Africa, imene anthu ambiri samaiwerengera chifukwa amati Joni si holide, ndi kuntchito. Kwa munthu wochokera ku Lilongwe kapena Blantyre ine ndikuti yambani ndi iyi. Pasipoti ya Malawi mumalowa opanda viza mpaka masiku 30, ndege ndi maola awiri ndi theka, ambiri tili ndi m'bale kapena mnzathu amene angatisunge, ndipo ndalama ya tikiti imodzi ya ku Ulaya ingakulipirireni ulendo wonse pamodzi ndi khochi. Padel kumeneko yafalikira kuyambira cha m'ma 2020, makalabu ngati Africa Padel ndi Virgin Active Padel Club ali m'mizinda ikuluikulu, makhoti ndi atsopano, Playtomic ikugwira ntchito. Chimene mulibe ndi kuzama kuja kwa ku Spain, osewera ambiri anachokera ku tenisi ndi squash ndipo amakonda kumenya mwamphamvu, koma ngati mwasewera chaka chimodzi kapena ziwiri mupeza okuposani ambirimbiri, musadandaule.

Ubwino wina ndi woti dzikoli lili ndi nyengo zitatu zosiyana nde mwezi uliwonse pali kopita. Johannesburg ndi Pretoria zimakoma Epulo, Meyi, ndiponso Sepitembala, kouma, dzuwa lofunda. Juni ndi Julayi masana ndi abwinobe koma mmawa ndi usiku kumazizira mpaka chisanu pa udzu, gemu ya 7 koloko mmawa zala zimakana kugwira raketi. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi kumagwa mvula ya mabingu masana, imabwera cha m'ma 3 kapena 4 n'kudutsa, nde mumabuka mmawa kapena khoti lofolera. Cape Town ndi zotembenuza, mvula yake ndi ya Juni mpaka Ogasiti, chilimwe nchouma koma kuli mphepo ija amaitcha Cape Doctor imene imavuta kwambiri kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, khoti lapanja tsiku lotero mungokwiya nalo. Malichi ndi Epulo ndi pamene Cape Town imakhala bwino, mphepo yachepa, alendo apita, mitengo yatsikako. Durban, Umhlanga ndi Ballito musapiteko mu Januwale kapena Febuluwale pokhapokha ngati mumakonda kusewera malaya atamatirira pathupi, koma Meyi mpaka Ogasiti ndi malo abwino zedi, kofunda bwino pamene Joni akunjenjemera. Pakati pa Disembala mpaka sabata yoyamba ya Januwale sukulu zatseka, Gauteng yonse yatsikira kunyanja, kugombe chilichonse chakwera, koma Johannesburg yeniyeniyo imatsala phee makhoti osalimbirana. Chenjezo limodzi, masiku 30 aja musapitirize olo ndi tsiku limodzi, amakudindani kuti undesirable n'kukuletsani kulowanso kwa chaka kapena kupitirira. Ndipo bajeti ya Uber muikemo, makalabu ali motalikirana, si tauni yoyenda pansi ndi chikwama cha maraketi usiku.

Dubai ndi nkhani ya ndalama. Makhoti ndi apamwamba, ambiri ali mkati mwa nyumba zozizira, mphepo kulibe, galasi silinyowa, mpikisano wa dziko lonse wa padel unachitikira kumeneko mu 2022, ndipo osewera ndi ochokera mbali zonse kuphatikizapo makhochi ambiri a ku Spain ndi Argentina. Novembala mpaka Malichi ndi pamene kunja kumayendeka komanso ndi pamene mahotela amadula. Juni mpaka Sepitembala kumapitirira 40, mahotela amatsika mtengo, ndipo poti mukusewera mkati padel yokhayo siivuta, kungoti moyo wanu wonse ukhala hotela, taxi, khoti, mall. Viza imafunika, Emirates imatera Lusaka, Harare ndi Johannesburg koma osati kwathu, nde kuchokera ku Lilongwe mudutsira Addis kapena Nairobi. Mwezi wa Ramadan magemu amasamukira usiku anthu akafutulu (akamasula kusala kudya), mpaka pakati pa usiku makhoti odzadza, kwa abale achisilamu imeneyo itha kukhala nthawi yokoma kwambiri, ingokumbukirani kuti mweziwo umabwerera mmbuyo masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Maganizo anga, Dubai musapitireko padel yokha. Ngati mumapita kale kukaoda katundu ku Deira, ponyani raketi m'chikwama muonjezere masiku awiri, pamenepo zikumveka.

Enawa ndingowadutsa. Nairobi padel yakula ndithu, ndi pafupi, ili pamtunda ngati Joni kotero mpira umauluka, pewani mvula ya Malichi mpaka Meyi. Mauritius ndi ya honeymoon yokhala ndi padel pambali, Januwale mpaka Malichi ndi nthawi ya namondwe. Argentina ndi kwawo kwachiwiri kwa masewerowa, kwatuluka akatswiri ngati Fernando Belasteguín ndi Agustín Tapia, nyengo zake zimayenda ngati zathu, koma ndi kutali ndipo popanda Chisipanishi muvutika. Sweden inamanga makhoti ochuluka nthawi ya Covid mpaka ena anatsekedwa chifukwa chosowa anthu, pafupifupi onse ndi a mkati, koma palibe amene amachoka ku Leeds kukafuna dzuwa ku Stockholm.

Mukasankha malo pamatsala funso lina, mugule pakeji ya kampu kapena mupange nokha? Pakeji nthawi zambiri imakhala masiku atatu mpaka sabata, khochi mmawa, magemu kapena americano madzulo (uja mumasinthana mapatina gemu iliyonse aliyense n'kumawerenga mapointi ake), hotela ndi mayendedwe zili momwemo. Ndi yabwino ngati mukupita nokha, chifukwa padel imafuna anthu anayi ndipo palibe chobowa ngati kufika dziko la eni n'kumayang'ana foni kudikira kuti gemu idzadze, munthu wachinayi osabwera, gemu n'kufufutidwa. Imathandizanso pa viza poti muli ndi pepala limodzi loonetsa kogona ndi chimene mukukachita. Koma musanalipire afunseni mafunso ovuta: khochi mmodzi amatenga anthu angati pakhoti, opitirira anayi ndiye kuti nthawi yambiri muzingoima pamzere, amagawa bwanji magulu, chifukwa akakusakanizani ndi munthu amene wagwira raketi koyamba dzulo sabata yanu yapita, khochi amalankhula Chingelezi chomveka kapena ndi manja basi, mvula ikagwa ali ndi makhoti ofolera angati, ndipo viza ikakanidwa amabweza zingati. Lomalizali ambiri saliganizira chifukwa makasitomala awo safuna viza, nde liwoneke polemba osati pakamwa.

Kupanga nokha kumatchipa ngati muli gulu. Anayi ndi nambala yodziwika koma ine ndimakonda asanu, chifukwa pofika tsiku lachitatu pamakhala wina amene chigongono chayamba kulira kapena wagona mochedwa, nde wachisanuyo amapulumutsa gemu. Mumatenga fulati imodzi, mumabuka khochi wa pakalabu ola limodzi mmawa, mumamuuza kuti tikufuna bandeja (kamenyedwe ka mpira wa mmwamba kofatsa kuposa smash) ndi kubweza mpira wochokera pagalasi basi osati zonse nthawi imodzi, madzulo mumagawikana awiriawiri kukalowa magemu a eni dera. Apa ndi pofunika, mukangosewera nokhanokha anayi omwe aja mumasewera Loweruka lililonse kwanu ndiye mwangosamutsa gemu yanu ndi ndege. Makalabu ambiri ku Spain ali ndi magulu a WhatsApp okonzera magemu, mukafika pa resepishoni nenani levo yanu ndi masiku amene mulipo, amakulowetsani.

Pali njira yachitatu, kulumikiza ulendo ndi mpikisano wa akatswiri. Premier Padel inayamba mu 2022 ndi ndalama za Qatar, ndipo kuyambira 2024 inameza World Padel Tour nde tsopano ndi imodzi yaikulu. Mipikisano yake ikuluikulu imachitikira ku Doha, ku Rome pa Foro Italico, ku Paris pa Roland Garros ndi ku Mexico, ndipo ya kumapeto kwa chaka cha 2024 inali ku Barcelona mu Disembala. Kuonera Arturo Coello, Alejandro Galán, Ariana Sánchez kapena Gemma Triay uli pafupi ndi zosiyana ndi pa YouTube, umaona mmene amayendera awiriwiri ngati amangidwa chingwe chimodzi. Gulani tikiti ya masiku oyambirira a sabata, ndi yotchipa, magemu ndi ambiri ndipo mumakhala pafupi ndi galasi. Madeti amasintha chaka ndi chaka kotero onani kalendala yawo musanagule ndege, komanso dziwani kuti sabata imeneyo makhoti a mu mzindawo amalimbiranidwa.

Thupi nalo lili ndi malire ake. Munthu amene amasewera kawiri pa sabata akangoyamba maola atatu kapena anayi tsiku lililonse, chigongono, phewa ndi mtsempha wa kuchidendene zimayamba kudandaula msanga, makamaka ife amene tadutsa zaka 35. Tsiku lofika sewerani gemu imodzi yopepuka, ikani tsiku lopuma pakati, ndipo inshulansi ija muwerenge ngati ikuphimba kuvulala pa masewero. Nsapato tengani zanu zimene mwazizolowera, za tenisi ya pa clay kapena za padel zenizeni, zothamangira pamsewu zimaterera pamchenga uja ndipo zatsopano zimatupitsa matuza tsiku lachiwiri. Ma overgrip, matepi okulunga pachogwirira cha raketi, tengani ambiri ngati mukupita kwa chinyontho. Mipira musanyamule, mukagula komweko imene ikugwirizana ndi mpweya wa kumeneko. Raketi funsani kampani ya ndege ngati imalola kulowa nayo mkati, malamulo amasiyana, ndipo musaisiye m'galimoto padzuwa chifukwa mphira wa mkati uja umafewa n'kuonongeka.

Ngati raketi yanu yatopa ndipo mukupita ku Spain, musagule musananyamuke. Bullpadel, Nox ndi Siux ndi makampani a komweko, mashopu ali mbwee, makalabu ambiri amakubwerekani yoyeserera gemu imodzi musanagule, ndipo mamodelo a chaka chatha amawatsitsa mtengo kwambiri atsopano akatuluka. Amene mukubwerera kunja kwa EU, kaya UK, Joni kapena kumudzi, pemphani fomu ya tax free pashopu pomwepo muonetse pasipoti, mukaidinditse pa makina a DIVA pa eyapoti musanapereke chikwama, akubwezerani gawo la msonkho uja.